Masamba a Kuseri kwa Bafa

M'chaka chachisanu ndi chitatu cha banja lathu, amuna anga anaphunzira mawu awiri atsopano: "Ndadya kale."

Tinkakhala pa Ulongwe, pabwalo la amayi awo. Iwo anali ndi kasitolo ka zipangizo za njinga m'mbali mwa msewu, ndipo masana ankaphunzitsa ana ku madarasa, sukulu ya Chisilamu. Katundu wa m'sitolomo ankakapikula ku Balaka kamodzi pamwezi, kuyambira kalekale. Koma chaka chimenecho machubu ndi masipoko anayamba kutha modabwitsa. Ulendo wa ku Balaka unakhala wa Lachiwiri lililonse, kenako Lachiwiri ndi Loweruka. Akabwera dzuwa litapendeka, ine n'kuwaikira madzi osamba m'manja, iwo ankangoyang'ana mbale zovundikirazo ngati ndi za m'nyumba ya eni ake, n'kunena mawu awo aja. Ndinkadya ndi ana, chakudya chawocho n'kukatayira nkhuku.

Palibe anandiuza kanthu maso ndi maso. Nkhani ndinaitolera ku mjigo, pang'onopang'ono: kuti ku Balaka kuli mayi wina wogulitsa nsalu pafupi ndi siteshoni, mwamuna wake anamwalira, amaphika mpunga wonunkhira, ndipo Chisilamu anabadwa nacho. Zakuti anabadwa nachozo ankazinena motsindika, akundiyang'ana cham'mbali. Ine kwathu ndi ku Nselema, kubanja la Chikhristu, Alomwe amene makolo athu anachokera ku Mozambiki. Chisilamu ndinalowa chifukwa cha ukwati, ndipo ndinalowa ndi mtima wonse, koma pabwalo paja ndinali mlendobe. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi. Ine ndinachita zosiyana, ndinatsatira mwamuna, ndipo amalume anandichenjeza tsiku lomwelo kuti zikadzavuta ndidzakhala ndekha pakati pa eni bwalo. Ndinkadziwa kuti chipembedzo chimalola mitala. Kudziwa ndinkadziwa, koma mtima wanga sunavomereze ngakhale tsiku limodzi.

Ndinadzifufuza kuti ndalakwa pati. Ana ndinabereka awiri, wamwamuna ndi wamkazi. M'nyumba munali mwaukhondo, mikanjo yawo ya ku mzikiti ndinkaisita mpaka kuwala. Pakamwa pokha ndiye pondivuta, sindibisa, ndikapsa mtima ndimalankhula kaye n'kuganiza pambuyo. Koma pakamwa pomwepa anandikwatira napo, ndipo kale ankati ndi pamene anandikondera. Kuwafunsa molunjika ndinkaopa. Ndinkaona ngati ndikafunsa, ayankha kuti eya, ndipo zikhala zatheka.

Tsiku lina ndikutaya chakudya chawo kwa nkhuku, ndinakumbukira nsomba ya ku Moroko. Asanandikwatire, amuna anga anakhala kumeneko zaka zinayi akuphunzira zachipembedzo. Pa nthawi ya chibwenzi chathu, akabwera ku Nselema pa njinga, sankatopa kusimba za mkulu wina amene ankaotcha nsomba pafupi ndi doko, atazipaka zinthu zobiriwira zimene kumeneko amazitcha sharimula. Ankawerenga ndi zala: masamba a daniya odzaza manja awiri, adyo, tinjere tonunkhira ta jira tokazinga pang'ono, tsabola wofiira wosawawa, mchere, madzi a mandimu, mafuta. Usinje zonse pamodzi, ucheke nsomba mizere m'mbali, upake mpaka m'kati, uisiye igone maola awiri, kenako pamakala. Akafika pa makalapo ankatsinzina n'kumeza malovu. "Tsiku lina ndidzakuphikirani," ankatero. Tsikulo silinafike, ndipo ine ndinali nditaiwala.

Ndinaganiza kuti mayi wa ku Balakayo mpunga angaphike, koma nsomba iyi sangaidziwe. Nkhani imeneyi anandiuza ine, pansi pa mtengo wa mango wa kwathu, kulibe iyeyo. Ndikawaphikira, adzakumbukira amene anali kumvetsera.

Ndinanamizira kukagula nsalu ya yunifolomu ya mwana, n'kukwera minibasi kupita ku Balaka. Pa sitolo ina ya Amwenye ndinapeza jira ndi tsabola wofiira wa ufa. Masamba a daniya panalibe, koma mayi wa pasitolopo anandipatsa njere zake, n'kundiuza kuti ndikaziphwanya pakati ndi kuzifesa zimera. Pobwerera, miyendo inanditengera yokha ku siteshoni. Ogulitsa nsalu analipo ambiri, ndipo ndinawayang'ana mmodzimmodzi ngati wapolisi. Uyu ndi wamkulu kwambiri. Uyu wavala mphete. Uyu akuseka mokweza, amuna anga sakonda zoterozo. Wina wabata, wa mpango wotuwa, anandifunsa mwaulemu ngati ndikufuna chitenje. Sindinadziwe ngati anali iyeyo, ndipo mpaka lero sindidziwa. Ndinathawapo osagula ngakhale nsalu ya yunifolomu ija.

Njerezo ndinazifesa m'beseni lobooka, n'kuliika kuseri kwa bafa, pakati pa mpanda wa udzu ndi mtengo wa papaya. Pamwamba ndinaphimba ndi neti yakale ya udzudzu kuopa nkhuku. Ndinkathirira m'mamawa anthu asanatuluke. Mungafunse kuti chobisira chinali chiyani, masamba okha. Ndinkachita manyazi. Ndikanadzala poyera, alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga amene ankakhala nyumba yoyang'anana ndi yathu, akanafunsa kuti ndi chiyani, ndipo bwalo lonse likanadziwa kuti mkazi wa achimwene akulimbana ndi wa ku Balaka pogwiritsa ntchito ndiwo. Ndinkafunanso kuti amuna anga angoona zili m'mbale, mwadzidzidzi. Sindinaganizeko m'mene zikuonekera kwa munthu wondiona ndikunyonyomala kuseri kwa bafa m'bandakucha uliwonse.

Patatha masabata asanu masamba anakwanira. Nditathyola limodzi n'kulifikisa pamphuno, ndinatsala pang'ono kulira. Linkanunkha nsikidzi. Ndinaganiza kuti mayi wa pasitolo uja anandipatsa njere zolakwika, kapena dothi la kuseri kwa bafa laononga. Koma kubwerera m'mbuyo kunalibe. Loweruka lapitalo amuna anga anali atapita ku Balaka atavala mkanjo watsopano umene sindinasite ine.

Ndinasankha Lachisanu, chifukwa tsiku limeneli akachoka ku mzikiti amabwera kunyumba, sapita kwina. M'mawa ndinadikirira pamsewu bambo wogulitsa nsomba pa njinga wochokera ku nyanja ya Malombe, n'kusankha nsomba ziwiri za chambo, za maso oyera. Ana atapita kusukulu, amuna anga atapita kusitolo, ndinalowa m'khitchini n'kukoka chitseko. Ndinapala mamba, ndinatumbula, ndinatsuka. Jira ndinamukazinga pachiwaya mpaka fungo lake linadzaza m'khitchini, fungo lachilendo limene silinamvekepo pabwalo paja. Kenako ndinaika zonse m'kamtondo kanga ka nsinjiro n'kuyamba kusinja. Poopa kuiwala kanthu, ndinkabwereza chapansipansi m'mene ankawerengera amuna anga: daniya, adyo, jira, tsabola, mchere, mandimu, mafuta. Nditafinyira mandimu, fungo la nsikidzi lija linabwerera m'mbuyo, pakatuluka lina lokoma, lakuthwa. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri ndinamva kachiyembekezo.

Ndinacheka nsomba iliyonse mizere inayi mbali iyi, inayi mbali inayo. Ndinatapa zobiriwirazo ndi chala n'kumazikanikizira m'mizeremo, umodziumodzi, milomo ikuyendabe. Ndi pamene chitseko chinatseguka.

Anali alamu anga, atabwera kudzabwereka sefa. Anaima pakhomo, maso pa nsomba, kenako pa kamtondo, kenako pa zala zanga zobiriwira. Ine ndinachita chinthu chopusa kuposa zonse: ndinakoka mbale ina n'kuvundikira nsombazo msangamsanga.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikuphika."

"Kuphika chitseko chotseka? Nanga mumayankhula ndi ndani?"

"Ndimawerenga zoikamo."

Anabwerera chafutambuyo, sefa osatenga. Ndinamva akuthamanga pabwalo akuitana amayi awo m'Chiyao, "Amao! Amao!" Ndipo apo m'pamene maso anga anatseguka, n'kuona zimene iwo anaona. Mkazi amene mwamuna wake akufuna kukwatira kwina. Masamba odzala mobisa kuseri kwa bafa. Chitseko chotseka, tsiku limene amuna onse ali ku mzikiti. Kucheka timizere n'kupakamo zosinja, monga m'mene asing'anga amatemera mphini. Ngakhale ineyo ndikanaona mkazi wina akuchita zimenezo, ndikanati ndi kondaine, mankhwala opusitsira mwamuna kuti asayang'ane kwina.

Apongozi anga anabwera pang'onopang'ono, monga mwa kuyenda kwawo. Anali mayi wosalankhulalankhula, wamtali, amene m'zaka zonsezo sanandikalipirepo, komanso sanandisekererepo kwenikweni. Anati nditulutse mbaleyo pakhonde. Atavundukula, anawerama n'kununkhiza, nkhope n'kukwinyika.

"Mtela," anatero m'Chiyao, kutanthauza mankhwala.

"Iyayi, amayi, si mankhwala. Ndi zokometsera ndiwo. Amadya choncho ku Moroko, kumene ankaphunzira abambo."

"Ku Moroko munapitako liti inuyo?" anatero alamu anga. Anali atapita kale kuseri kwa bafa, ndipo beseni lija anali atalinyamula n'kuliika pakati pa bwalo, neti ili lendelende. "Amao, tanunkhizani izi. Ndiwo zake ziti zonunkha chonchi? Mwezi wonse ndakhala ndikuwaona m'mamawa akupita kuseriku. Ine ndimati akudwala m'mimba."

Azimayi a nyumba zoyandikana anayamba kufika, wina atanyamula mwana, wina chipande chili m'manja. Mmodzi ananena mosabisa kuti anthu a kwathu kuja zoterezi amazidziwa, anabwera nazo kuchokera kutsidya kwa malire.

"Amayi anga sanapitepo kwa sing'anga chibadwire!" ndinakuwa. "Inu amene mukudziwa m'mene kondaine amaonekera, munamuona kuti?"

Ndikanakhala chete zikanandithandiza. Mayiyo anaomba m'manja, ena n'kugwira pakamwa. Apongozi anakweza dzanja, onse n'kukhala phee.

"Ngati ndi ndiwo, idyani," anatero.

Ndinatapa zotsala m'kamtondo ndi zala ziwiri n'kuika m'kamwa, adyo wamuwisi akundiotcha lilime, misozi ili mbwembwembwe. Ndinameza, n'kutapanso. Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo.

"Kondaine sagwira mwini wake," anatero alamu anga. "Angadye mtondo wonsewo."

Apongozi anakhala pampando wawo wa pakhonde, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandifunsa funso limene sindinalikonzekere.

"Apongozi, zaka zisanu ndi zitatu mwakhala pano, simunaphikepo zimenezi. Lero mwaphikiranji? Mumafuna kuti mwana wanga akadya achite chiyani?"

Ndikanatha kunama kuti ndinangofuna kusintha ndiwo. Koma choona chinatuluka chokha.

"Ndimafuna kuti asapite."

Pabwalo panamveka kung'ung'udza. Kwa iwo, ndinali nditavomera mlandu. Apongozi anayang'ana pansi, n'kumakonza mpango wawo pabondo. Kenako anati nsombazo zisatayidwe, zikhale pomwepo mpaka mwini wake abwere.

Ndinakhala pansi pakhonde, mbale ili patsogolo panga, ntchentche zikuzungulira. Kuchokera ku mzikiti kunkamveka mawu a shehe pachimkuzamawu, ndipo ndinkadziwa kuti ulaliki udakali kutali. Ndinaganiza za amalume ndi chenjezo lawo. Ndinaganiza za ana anga akuchokera kusukulu n'kupeza mayi awo ali pabwalo ngati wakuba. Mkazi wogwidwa ndi mankhwala otere sachedwa kumangiridwa katundu. Ndikanafika bwanji ku Nselema, n'kunena kuti andithamangitsira chiyani? Chodabwitsa n'chakuti pakati pa mantha onsewo, kamtima kena kankawerengabe nthawi: ola limodzi ladutsa, latsala limodzi kuti zokometserazo zilowerere.

Amuna anga anafika dzuwa litangopendeka pang'ono, kofia ili kumutu, mkeka wawo wopempherera uli m'khwapa. Alamu anga anawachingamira asanalowe n'komwe pabwalo. Ndinkaona manja awo akuloza beseni, kuloza ine, kuloza kuseri kwa bafa. Amuna anga anabwera pakhonde osandiyang'ana, n'kuvundukula mbale.

Anakhala chiweramire. Kenako anapita pa beseni, anathyola tsamba, analifikisa pamphuno, n'kutseka maso.

"Mwazipeza kuti izi?" anandifunsa chapansipansi.

"Ndinadzala."

"Ndani anakuuzani kapangidwe kake?"

"Inuyo, abambo. Ku Nselema."

Anandiyang'ana tsopano, ndipo ndinaona kuti akumbukira. Anatembenukira kwa amayi awo n'kunena kuti palibe mankhwala apa, ichi ndi chakudya chimene anadya zaka zinayi, ndipo aliyense wonena kuti mkazi wawo ndi wamankhwala akuchimwa pa tsiku la Lachisanu. Anandiuza kuti ndikoleze mbaula.

Ndinaotcha nsombazo pomwepo pakhonde, anthu onse akuonerera. Ndinadikira kuti makala ayere, ndinapaka waya mafuta, ndinaika. Mafuta ankadonthera pamoto n'kuchita tsii, utsi wa adyo ndi jira n'kufalikira mpaka kumsewu. Masamba a m'mizere aja anada m'mphepete, khungu n'kuuma bwinobwino. Potembenuza, nsomba imodzi inakakamira pa waya n'kung'ambika pamchira. Amuna anga anasamba m'manja, anati Bisimilahi, n'kubudula. Anadya mwakachetechete, anamaliza nsomba yoyamba, anayamba yachiwiri, mpaka kuyamwa mutu. Atamaliza anati mchere unachepa pang'ono, koma zina zonse ndi momwemo. Anaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chaka chonse.

Ine mtima unali utayamba kutsika, pamene ndinamva alamu anga akunong'oneza amayi awo, mosabisa kwenikweni.

"Mwaona, amao? Achimwene anayamba atikalipirapo chifukwa cha mkazi? Fungo lokha lawagwira kale."

Apongozi anadzuka n'kulowa m'nyumba mwawo.

Loweruka lotsatira amuna anga sanapite ku Balaka. Lachiwiri sanapitenso. Ankabwera kudzadya masana ndi madzulo, ankacheza ndi ana, ndipo Lachisanu lina anabwera ndi chambo okha n'kunena kuti ndiphikenso. Izi ndi zimene ndinkapempha kwa Mulungu miyezi yonseyo. Koma tsiku lililonse limene iwo ankakhala pakhomo linali umboni wonditsutsa. Ku mjigo ndikafika, nkhani inkaduka. Mayi amene tinkasinthana naye ndiwo anayamba kubweza mbale yanga ili yodzaza, akuti ana ake akhuta. Mwana wanga wamkazi anabwera tsiku lina akulira, anzake amuuza kuti asamagawane nawo zitumbuwa za kwawo. Pa chinkhoswe cha pabwalo loyandikana, anandipatsa ntchito yotsuka mbale, kutali ndi miphika. Apongozi ankandiyankha moni, koma chakudya chochokera m'khitchini mwanga anasiya kulandira, ndipo zimenezi zinkandipweteka kuposa zonse.

Ndinawadandaulira amuna anga. Anati ndisawamvere, atopa okha. Koma akamanena choncho pamaso pa anthu, m'pamenenso anthuwo ankagwedezera mitu. Iwonso zinayamba kuwafika. Anzawo a ku mzikiti ankawaseka kuti masiku ano akumangidwa ndi chitenje. Makolo awiri anachotsa ana awo ku madarasa, akuti mphunzitsi wodyetsedwa mankhwala aphunzitsa chiyani. Ndinkaona nkhope yawo ikulemera tsiku ndi tsiku. Akamadya ankayang'ana m'mbale kaye, mwina osadziwa n'komwe kuti akutero.

Masabata amenewo sindinkadziwa chopempha. Ndikayala mkeka kuti ndipemphere, ndinkafika poti ndinene chimene ndikufuna, n'kusowa mawu. Amuna anga akakhala pakhomo, ine ndine wamankhwala, ndipo ana anga akula ndi dzina limenelo. Kuti dzinalo lichoke, njira inali imodzi yokha, ndipo ndinkaidziwa bwino. Ndinaonda mpaka zitenje zinayamba kuzungulira kawiri. Njinga yamoto ikaima pamsewu ndinkadzidzimuka, poganiza kuti yabwera kudzawatengera ku Balaka. Amuna anga akavala nsapato ndinkayang'ana ngati ndi za kusitolo kapena za ulendo. Beseni lija ndinalisiya pakati pa bwalo pomwe analiika alamu anga, kuti aliyense aone kuti sindikubisa kanthu, ndipo ndinkalithirira masana, dzuwa lili pamutu, ngakhale ndinkadziwa kuti mbewu sithiriridwa nthawi imeneyo.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, Loweruka m'mawa, anavala nsapato za ulendo. Atabwera madzulo anakhala pamphasa, anaitanitsa madzi akumwa, n'kunena kuti akufuna tikambirane. Analankhula mwaulemu kwambiri, ulemu umene unandiuziratu zonse. Anati nkhani ya ku Balaka inali itapita kale patali, abale a mayiyo anali atavomera kalekale, ndipo iwo anangoiimitsa chifukwa mtima unawagawanika. Anati sakundisiya, nyumba ino ndi yanga, masiku adzagawa mofanana monga chimanenera chipembedzo. Anati nsomba ija sadzaiiwala.

"Mukupita chifukwa mukumufuna, kapena chifukwa cha zonena anthu?" ndinafunsa.

Anazunguza kapu m'manja.

"Sindikudziwa," anatero.

Ndinkayembekeza kuti ndikuwa, ndiswa mbale, pakamwa panga paja pagwira ntchito yake. Koma ndinangotenga kapuyo n'kukaitsuka.

Ukwatiwo unamangidwa ku Balaka mwezi wotsatira. Ine sindinapite, ndipo palibe anandikakamiza. Ndinatsala pabwalo ndi ana, ndikusenda chinangwa chimene palibe ankachifuna. Ndinamva chisoni, ndinamva mkwiyo, ndipo pansi pa zonsezo ndinamva chinthu china chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero: mpumulo. Mawa lake ku mjigo mayi uja wobweza mbale anandithandiza kusenza ndowa. Wina anandifunsa ngati ndili ndi mchere woti ndimugawireko. Palibe anatchula kanthu.

Patapita masiku atatu, amuna anga adakali ku Balaka, ndinamva odi pakhomo chakum'mawa. Anali apongozi. Chikwatiwire changa anali asanalowepo m'khitchini mwanga, koma tsikulo analowa, n'kukhala pa kampando kanga kophikira. M'manja anali ndi jumbo, ndipo m'jumbomo munali chambo chimodzi chachikulu.

"Apongozi, ndabwera kudzapepesa," anatero. "Tinakulakwirani. Akanakhala mankhwala, mwana wanga sakanapita."

Ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa ndinena zoti sindingathe kuzibweza.

"Tsiku lija munandiuza zoona, ine ndinamva," anapitiriza, maso ali pa jumbo. "Bambo awo a amuna anuwa atatenga mkazi wachiwiri, ine ndinali ndi mwana kumbuyo. Ndinayenda wapansi mpaka kuseri kwa phiri uko, kwa mayi wina. Anandipatsa mizu, ndinaika m'ndiwo. Ine ndinaikadi." Anapukuta pamphuno ndi nsonga ya mpango. "Nawonso anapita."

Anandipatsira jumboyo n'kunena kuti akufuna alaweko nsomba ija, ngati masamba alipobe.

Ndinatuluka kukayang'ana beseni. Daniya anali atatalika, atachita timaluwa toyera, ndipo masamba ambiri anali atafiira chifukwa cha kuthirira kwanga kwa masana. Ndinasankha obiriwira amene anatsala m'munsi, sanadzaze ngakhale dzanja limodzi. Nditabwerera ndinapeza apongozi atatenga kale mpeni, akupala mamba. Ndinakoka kamtondo n'kuyamba kusinja, chitseko chili chotsegula. Iwo anatsuka nsombayo, anaiika pambale, n'kundifunsa kuti acheke mizere ingati.

"Inayi mbali iliyonse, amayi," ndinatero. "Koma musafulumire kukoleza moto. Imafunika igone maola awiri."

"Tidikira," anatero. "Tikuthamangira ndani?"